Tsiku Limene Ntchembere Inapitirira Mfumu

Ine sindikhalitsa. Ndinabadwira m'tauni, kuseri kwa depoti ya mabasi. Hutala ndiye ankandigoneka, hutala yemweyo n'kundidzutsa. Ndikatha sabata ziwiri malo amodzi, mapazi amayamba kuyabwa. Ndiye ndimakwera chilichonse chokhala ndi matayala.

Umu ndi mmene ndinafikira ku ufumu wa Tifikaliti.

Dzikolo ndi phiri limodzi basi. M'munsi muli Matsikiro: mlatho, chipata cha malire, chipatala, madimba a kabichi. Pamwamba pali likulu, Pamwambatu. Msewu ndi umodzi, wa phula, wosalala ngati galasi. Makilomita khumi ndi awiri. Okwera amangoti chitunda. Otsika amati mtsetse wa Gwiramtima.

Pa chipata ndinapeza matola. Pikapu yakale, yoyera, yopukutidwa moti ntchentche ikatera imaterereka. Mwini wake ankapukutabe galasi ndi mpango wa m'thumba. Bambo wamfupi. Ndevu za imvi, zala zakuda ndi girisi.

"Ya ku Pamwambatu?" ndinafunsa.

"Kwerani, achimwene. Koma nsapato isakhudze penti. Ntchembere sikonda kupondedwa."

"Ntchembere ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Kenaka anasisita boneti.

Awa anali a Kadammanja. Galimotoyi anakhala nayo zaka makumi awiri ndi zitatu. Akazi awo, a Nasibeko, ankati imeneyo ndiye mkazi wamkulu pakhomopo, iwo ndi wachiwiri.

Tinanyamuka. Injini inalira. Inalirabe. Ndinadikira kuti asinthe giya. Sanasinthe. Pa kilomita iliyonse tinkaima kuti injini izizire. Mayi wina wosenza nkhuni anatipitirira, natipatsa moni. Anakapuma pamthunzi. Anatipitiriranso.

"Bambo, thuu palibe?"

Anatsokomola. Analoza pansi, patsinde pa ndodo ya giya. Panali kachitsulo kowotcherera, ka chidindo cha boma. Ndodo inkatha kupita ku wanu, ku livesi, ndi kubwerera pakati. Kwina konse kunali kotseka.

"Lamulo," anatero.

Nkhani yake ili motere. Mfumu Chiwongolero Wachiwiri imakonda magalimoto. Apa sindikunyoza ayi. Imawakondadi. Ili nawo makumi anayi, ndipo fungo la petulo imalikoka ngati ena amakokera fungo la nyama yootcha. Isanalowe ufumu, bambo ake anaiitanira mphunzitsi. Tsiku loyamba inaponda kilatchi, inalowetsa wanu, galimoto inasuntha. Mikono itatu. Nthungululu zinaphulika. Ng'oma zinalira. Nduna zinagubuduka m'fumbi, zikuti mwana wa mfumu anabadwa akudziwa. Mphunzitsi, munthu wosaona nyengo, anati, "Tsopano tiphunzire thuu."

Nduna zinadzuka m'fumbi. Kuphunzira? Ndiye kuti chilipo chimene sakudziwa?

Mphunzitsiyo mpaka lero akuweta mbuzi kuseri kwa phiri. Kuyambira tsiku limenelo, ku Tifikaliti mfumu siphunzitsidwa. Imangokumbutsidwa. Koma woikumbutsa za thuu sanapezeke.

Italowa ufumu, inaona anthu wamba akuipitirira pamsewu, ena akukukuta chimanga. Zinaipweteka. Nduna ya Zoyendayenda, a Vomerezani, analemba lamulo la mzere umodzi: munthu asalowetse giya yoposa ya Mfumu. Wolakwa, galimoto yake amaigulula matayala. Amaikhazika pa miyala kuseri kwa nyumba yachifumu, nkhanga za Mfumu ziziikiramo mazira.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anatero a Kadammanja, akuthira madzi mu rediyeta. "Ntchembereyi ili ndi folo yofewa, achimwene. Simungamvetse. Ndimachita kuilota."

Pamwambatu ndi tauni yaphokoso. Galimoto iliyonse ikukuwa, yothamanga palibe. Amakaniko onse ndi onenepa. Pa ngodya iliyonse pali chikwangwani cha boma. China chikuti, Fulumira adadya gaga. China, Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa msika wa Dikirani ndinagula tomato kwa mayi Nankhoma. Mayi wathupi, wosaseka, wa pakamwa ngati lumo.

"Mwawerenga chikwangwanicho?" anatero. "Ife maso a nkhono tinawaona kalekale. Pano nkhono ndi imene ikutiyang'ana ife."

"Nanga malonda amayenda?"

"Bwino kwambiri. Nsomba zimanyamuka ku Matsikiro zili zaziwisi, zimafika kuno zitauma. Boma latichepetsera ntchito."

Ndinagona masiku atatu. Mapazi anayamba kuyabwa msanga. Lachinayi m'mawa ndinakweranso Ntchembere. Ndinaima kumbuyo, nditagwira chitsulo, pafupi ndi kawindo kakang'ono. Kutsogolo kunakhala mayi Nankhoma ndi mwana wawo Esinta. Mimba yoyamba. Mzamba wa pamwamba anali atawauza kuti mwana wagona chopingasa, athamangire kuchipatala. Mawu oti kuthamangira anawanena mwachizolowezi chabe.

Tsoka lake, Lachinayi ndi tsiku limene Mfumu imayendera phula. Tinaupeza mdipiti pa kilomita yachiwiri. Kutsogolo galimoto yakuda yaitali, Mfumu ikuyendetsa yokha. Kumbuyo nduna khumi ndi zinayi, iliyonse m'galimoto yake. M'mbali oimba ng'oma, akuyenda pansi osatuluka n'thukuta lomwe. Injini ya Mfumu inkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Wotamanda ankafuula, "Mkango ukubangula!"

Pomwepo matenda a Esinta anayamba.

"Amayi, ndikufa ine!"

"A Kadammanja," anatero mayi Nankhoma, "mwanayu afera m'galimoto mwanu muno."

"Mayi, mukuona nokha amene ali kutsogoloko."

"Ndikuwaona. Iwowo sakubereka."

"Anditengera Ntchembere, mayi."

"Ndiye muifunse Ntchembereyo. Si mumati ndi mayi?"

A Kadammanja anayang'ana kachitsulo ka boma kaja. Anayang'ana Esinta. Milomo ya mtsikanayo inali itatuwa. Anasisita chiwongolero, nanong'ona, "Undikhululukire, mayi wanga." Anaponda kilatchi. Anakokera ndodo pakati. Anachotsa phazi pa buleki.

Injini inatonthola. Galimoto inayamba kutsetsereka. Poyamba mwaulemu. Kenaka ulemu unatha.

Tinadutsa nduna yoyamba, yachiwiri, yachisanu. Oimba ng'oma anadziponya m'ngalande, ng'oma imodzi inatitsatira ikugubuduka. Chipewa changa chinapita. Tikudutsa galimoto yakuda, ndinaona nkhope ya Mfumu pawindo. Kukamwa yasaa. Ndinayembekeza mkwiyo. Sunali mkwiyo. Inali nkhope ya munthu wanjala akaona mnzake akudya.

Mphindi khumi ndi zinayi, tili pachipatala. Pasanathe ola, kamwana kanalira m'kati. Kamkazi. Namwino anatuluka akupukuta m'manja, nati tikanachedwa pang'ono pokha, bwenzi tikukamba zina.

Apolisi anatipeza patatha maola atatu. Ankatithamangitsa mu wanu. Tinawadikira pamthunzi. Mlatho wa malire unali pomwepo, wooneka. Ndinauloza ndi mlomo kuti tithawe. A Kadammanja anapukusa mutu.

"A Nasibeko ali pamwamba," anatero.

Ine ananditenga ngati mboni. Ulendo unafera pomwepo.

Bwalo la milandu ku Tifikaliti limakhala m'galaja ya Mfumu. Mpando wachifumu ndi mpando wa dalaivala wa basi, wokutidwa ndi chikopa cha kambuku. Ntchembere inali pakati, yokwezedwa kale pa jeke. Woweta nkhanga anaima pambali ndi mtolo wa udzu, akuyeza m'kati ndi maso. A Kadammanja anagwada pasimenti. Sankayang'ana Mfumu. Ankayang'ana sipanala imene wapolisi anagwira.

A Vomerezani anaimirira. Munthu wamtali, wa suti yonyezimira, mawu ngati wailesi.

"Mwini Phula! Mkango wa Msewu! Inu amene munapeza tayala lili ndi ngodya zinayi, n'kulisema kuti lizizungulira! Mayiko ena akuthamanga. Akuthamangira kuti? Onse amene anatipitirira, alipo amene anawaonanso? Anasowa! Ife tikadali pano! Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tili mu wanu, ndipo palibe mwana wa Tifikaliti amene anafika pamalo nthawi isanakwane! Lero kwadzuka munthu, mwana wa munthu wamba, kuonetsa Mfumu yake nambala ya kumbuyo!"

Nduna zinabuula pamodzi. Zinali zitayeserera.

Anandiitana. "Mlendo, unaona chiyani?"

"Mitengo ikuthamanga, bwana."

"Giya inali iti?"

"Pamenepo ndinali nditatsinzina."

Anatuma wapolisi akaone chidindo. Anasuzumira, anagogoda, ananunkhiza. Kachitsulo kanali kosakhudzidwa. Bwalo linasokonezeka. Nduna ya Zachikhalidwe inati ndi ufiti.

"Si ufiti, Mwini Phula," anatero a Kadammanja. "Sindinalowetse giya iliyonse. Ndinali pa nyutulo."

"Imeneyo ndi nambala chani?" anafunsa a Vomerezani.

"Ilibe nambala, bwana. Ndi pakati, pamene ndodo imapumira. Pamenepo giya palibe. Phiri ndi limene limakoka."

Nduna zinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Funso linali limodzi: kodi palibe amaposa wanu? Nduna ya Maphunziro inapempha komiti. A Vomerezani anamenya tebulo, nati amaposa, chifukwa anamuona ndi maso awo akudutsa.

Kumbuyo kunadzuka mayi Nankhoma. Anali atakwera phiri lonse wapansi, n'kufika apolisi asanafike. Anayenda mpaka kutsogolo, anagwada, anatambasula manja awiri. M'dzanja lamanja tomato mmodzi wakupsa. Lamanzere lopanda kanthu.

"Bwana nduna, ine sukulu sindinapite. Tengani chachikulu pa ziwirizi, mukapatse amayi kunyumba."

Mutu wa nduna unkaganizabe. Dzanja linali litatenga kale tomato. Dzanja la nduna silichedwa pa zolandira.

Wina anaseka, n'kusandutsa chifuwa.

Tsopano Mfumu inatsika pampando. Inazungulira Ntchembere pang'onopang'ono. Inagwira penti ndi nsonga za zala, momwe wodziwa amagwirira. Inawerama kuona matayala.

"Umapukuta ndi chani?"

"Nsanza ya thonje, Mwini Phula. Ndi madontho a parafini."

"Parafini." Mfumu inagwedeza mutu. Inayandikira, inatsitsa mawu. Ine ndinali pafupi, ndinamva. "Imamveka bwanji?"

"Chani, Mwini Phula?"

"Mphepo. Ikamawomba kumaso."

A Kadammanja anakweza maso. Kwa kanthawi m'galajamo munalibe mfumu ndi wamlandu. Munali amuna awiri okonda galimoto. Ndinaona mawu oti thuu akukwera pakhosi pawo. Anafika pamilomo. Kenaka anakumbukira mbuzi za kuseri kwa phiri, nawameza.

"Mfumu ikudziwa kale," anatero. "Yangofuna kutiyesa ana ake. Koma ikalola, ndingathe kuikumbutsa."

"Undikumbutse. Zikakhala zoona, galimoto yako ndi yako. Zikakhala zabodza, nkhanga zilowe mawa."

M'mawa mwake tauni yonse inali pamutu pa Gwiramtima. Mfumu pachiwongolero cha galimoto yakuda. A Kadammanja atagwada pawindo.

"Monga Mwini Phula akukumbukira, phazi lamanzere liponde kilatchi."

"Ndikukumbukira."

"Ndodo pakati. Igwedezeni, izimasuka mbali zonse."

"Ndimatero nthawi zonse."

"Tsopano za buleki. Musaipondereze njira yonse, imapsa. Muziponda, n'kusiya, n'ku..."

"Iwe!" anakuwa a Vomerezani. "Uku ndi kukumbutsa kapena kuphunzitsa?"

A Kadammanja anatseka pakamwa. Mfumu inachotsa phazi pa buleki.

Galimoto yakuda inanyamuka mwakachetechete. Wotamanda anatsegula kukamwa, anasowa chonena, popeza mkango sunkabangula. Anathamangira pambuyo pake, n'kutsala. Nduna zinayang'anizana. Mfumu ili pa nyutulo, ndani angalowetse wanu? Zinakokera ndodo pakati, zonse khumi ndi zinayi, zina zikupemphera. Zinazimirira pa khona yoyamba ngati mikanda yoduka ulusi.

Tinadikira tsiku lonse. A Kadammanja anakhala pansi pafupi ndi jeke, osadya. A Nasibeko anawabweretsera mbatata, anabwerera nayo. Woweta nkhanga anali atayamba kuyala udzu pampando wa kutsogolo.

Mthenga anafika mawa lake, wapansi, mapazi atatupa. Anakwera pa tebulo la ogulitsa nyemba pa msika wa Dikirani. Poyamba anatiuza zimene anaona. Mabuleki a Mfumu anayamba kufuka pa kilomita yachisanu ndi chitatu. Inadutsa chipatala ngati mphenzi. Inaphonya khona ya kumlatho, inalowa m'dimba, inalima mizere isanu ndi umodzi ya kabichi, n'kuima m'matope. Nduna zinafika pambuyo, iliyonse ndi mzere wake. Anthu anathamangira akulira maliro. Mfumu inatuluka, tsamba la kabichi paphewa, ikuseka mpaka misozi. Akuti chibadwire sanaionepo ikuseka chotero.

Kenaka anatambasula chikalata.

"Tamverani, ana a Tifikaliti! Choyamba: Kadammanja alibe mlandu, galimoto yake abwezeredwe. Chachiwiri: Mfumu, mwa nzeru zake zokha, yatulukira nyutulo, n'kuipereka kwa mtundu wonse ngati mphatso. Chachitatu: kuyambira lero, giya ya Mfumu ndi nyutulo. Lamulo lakale silinasinthe."

Msika unawerengera chamumtima. Sunachedwe.

"Ndiye kuti wanu yaletsedwanso?" anafunsa wogulitsa makala.

"Wanu imaposa nyutulo," anayankha mthenga. "Mwaiwala? Bwalo linagamula kale. Panali tomato."

Onse anatembenukira kwa mayi Nankhoma. Iwo anapitiriza kuunjika tomato wawo.

"Nanga pokwera chitunda?" anafunsa wina.

Mthenga anatembenuza chikalata, anayang'ana kuseri. "Za kukwera sanalembe."

"Nanga Mfumuyo ibwera bwanji kunyumba kwake?"

"Nduna zikukankha."

"Ayi, zili bwino," anatero mayi Nankhoma. "Zaka zonsezi takhala tikufunsa kuti ntchito yawo ndi chani."

Anatsitsa jeke. A Kadammanja anatulutsa udzu wonse m'galimoto, kamodzikamodzi, ndi zala. Anamanga manati okha, osalola wapolisi kugwirako. Anapukuta penti pamene Mfumu inagwira. Ntchembere inali yawo. Kungoti inali ndi ulendo umodzi wokha wotsala, wotsika. Galimoto iliyonse pa Pamwambatu inali chimodzimodzi. Tsiku lililonse zingapo zinkatsetsereka, osabweranso. Tauni inayamba kukhala chete. Amakaniko anayamba kuonda.

Loweruka la sabata yotsatira, m'mawa, a Kadammanja anandipeza pa msika.

"Achimwene, mapazi aja akuyabwabe?"

Kumbuyo kwa Ntchembere kunali matilesi, mipando iwiri, makina osokera, nkhuku zitatu m'dengu. Kutsogolo a Nasibeko, atavala chitenje chatsopano, thumba pamiyendo. M'thumbamo munkalira zitsulo.

Mayi Nankhoma anabwera kudzatsazika. Anati khanda lija alitcha Nyutulo.

"Dzina la mtsikana limenelo?" anafunsa a Nasibeko.

"Likhale. Akadzakula adzafunsa, tidzamuuza."

Anthu anayi anatikankha mpaka pamutu pa mtsetse. Tinatsika. Ulendo uno a Kadammanja ankaponda buleki, n'kusiya, n'kuponda, mwaluso, ngati woumba mbiya.

Tinakumana nawo makilomita atatu kuchokera pansi. Galimoto yakuda, matope mpaka m'mawindo, itayang'ana kumtunda. Kumbuyo kwake nduna khumi ndi zinayi, majekete m'chiuno, mapewa pa buti. Alonda a pachipata anali atawatenganso kuti athandize. A Vomerezani, nsapato imodzi, ankanyamula mwala wotchingira tayala. Mfumu inali pachiwongolero, yawongoka, ikuponda mafuta kuti injini ibangule. Wotamanda anali atapezanso mawu.

Mfumu inatizindikira. Inatulutsa mutu.

"Kadammanja! Uli giya yanji?"

"Yanu yomweyo, Mwini Phula!"

"Usamale! Pansipo pali khona yoipa!"

"Zikomo potikumbutsa!"

Inatibayibitsa ndi manja awiri. Chiwongolero chinakhota, nduna zinakuwa.

Chipata cha malire chinali chotsegula, mlonda palibe. Liwiro la mtsetse linatiwolotsa mlatho, n'kutisiya pansi pa mtengo wa mthethe, tsidya lina. Dziko la eni. Msewu wowongoka, wopanda chitunda, mpaka kumene maso amalekera.

A Nasibeko anatsegula thumba. Hamala ndi tchizulo. Anapereka kwa amuna awo.

Anamenya katatu. Kachitsulo ka boma kanadumpha, kanagwera pa mphasa ya pansi. Anakatola, anakayang'ana, anakaika m'thumba la malaya.

Analiza injini. Wanu. Galimoto inasuntha, inayamba kulira kulira kwake kwa masiku onse. Anaponda kilatchi, anakokera ndodo kumbuyo. Khwee! Zitsulo zinakukutana. Dzanja linali litaiwala.

"Modekha, bambo," anatero a Nasibeko. "Nayonso yaiwala."

Anayesanso. Inalowa. Thuu. Kulira kunatsika. Fili. Kenaka dzanja linapita lokha, osalituma, ndipo Ntchembere inasiya kukuwa, inayamba kung'ung'udza pansipansi ngati mayi wopeta mpunga.

Ndinasuzumira pa kawindo. Misozi inkatsikira m'ndevu za a Kadammanja, mphepo n'kumaikankhira kumakutu.

"Ndi folo imeneyi?" ndinafuula.

Anagwedeza mutu.

"Kwanu mudzabwererako?"

"Tidzabwerera. Akakafika pamwamba."

Ndinacheuka. Phiri la Tifikaliti linkaoneka lonse, msewu utalizinga ngati lamba. Kadontho kakuda kanali pomwe tinakasiya. Nduna ziyenera kuti zinaima kuti zipume, ndipo wa mwala uja anachedwa. Kadonthoko kanagwedezeka pang'ono. Kenaka kanayamba kutsika chafutambuyo, tinthu khumi ndi tinayi tikuthamanga patsogolo pake.